Matikiti Anayi a pa Geti la Alendo

1

Dzina langa musalifune. Ku hotelo komwe ndimachapa ndi kusita nsalu za pabedi amangonditchula kuti Mayi Simbi, inunso munditchule chomwecho. Nkhani yangayi ena anaimva kale m'maminibasi, itathiridwa mchere ndi tsabola. Lero muimve kwa mwini wake.

Ndinakwatiwa m'banja la mpira. Sindikunena anthu ongotsegula wailesi Loweruka ayi. Apongozi anga aamuna, omwe anali dalaivala wa basi asanapume pantchito, akhala wapampando wa masapota a timu ya Achikasu m'dera lathu kwa zaka zambiri, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika, aliyense amangoti a Tcheya. Makatani a pabalaza ndi achikasu, chitseko chachikasu, ngakhale galu anamumanga kansalu kachikasu m'khosi. Amuna anga ndi makaniko wa manja abwino, anzawo amawatcha Sipanala. Ndi munthu wofatsa masiku asanu ndi limodzi, koma tsiku la mpira mukhoza kuwakana kuti si anu.

Lamulungu lililonse tinkadya kwa apongozi. Tikangosamba m'manja, a Tcheya ankakankhira mpando kumbuyo, ndipo tonse tinkadziwa kuti yafika nthawi ya fainolo ya chikho ya zaka makumi awiri ndi chimodzi zapitazo, yomwe Achikasu anagonja kwa adani awo, Obiriwira.

"Mphindi zitatu zokha kuti mpira uthe!" ankatero, diso lili psuu. "Chikho tinali titachigwira kale khutu limodzi. Mpira ukumenya mwana wathu pachifuwa, pachifuwa penipeni, woimbira mpira, Yudasi uja, n'kuimba wezulo, mkono uli tambasu kuloza pa dontho. Penate!"

"Anadya za Obiriwira ameneyo," ankavomera mlamu wanga, mlongo wa amuna anga, amene timamutcha Wailesi chifukwa sazima.

"Koma tinamuphunzitsa. M'mawa mwake tinapita kunyumba kwake anthu oposa zana. Mwala woyamba unachoka m'dzanja ili. Zenera la kuchipinda linangoti phwaa!"

Onse ankaseka mpaka kugwira nthiti. Ine ndinkasonkhanitsa mbale n'kupita kukhitchini. Nkhaniyi ndinaimva koyamba patangotha masabata atatu chikwatiwire, ndili kale ndi pakati. Ndinaimvanso Lamulungu lililonse kwa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo apongozi aakazi ankandiyamikira kuti ndine mkazi wosachedwa pa mbale.

2

Chaka chino Achikasu anafika ndime ya matimu anayi, ndipo mayere anawagwetsera kwa Obiriwira omwewo, pa bwalo lawo, mumzinda wa maola anayi pa basi. Chimwemwe chinangokhala masiku awiri. Lachitatu kunamveka kuti eni bwalo akweza tikiti ya alendo kuwirikiza katatu, pomwe masapota awo alipira monga mwa masiku onse.

Tsiku limenelo ndinapititsa chakudya cha masana ku galaja ya amuna anga, ndipo ndinapeza masapota atadzaza, ena atakhala pa matayala, ena pa boneti ya galimoto yakufa.

"Akufuna tikhale kunyumba kuti anyamata athu akasewere ngati ana amasiye!" anakuwa woimba ng'oma wa gululo.

"Ndiye tinyanyale," anatero wina.

"Kunyanyala n'kumene akufunako, mbuzi iwe!"

A Tcheya anali atakhala pa chigubu cha oyilo. Matenda a shuga anali atawadya chaka chonse, malaya achikasu aja akungolendewera pamapewa. Atayankhula, galaja yonse inati zii.

"Kale tinkapita pa lole yotsegula, mvula ikutimenya, tikiti mtengo wa buledi muwiri. Sindinaphonyepo masewero a chikho chiyambire. Lero penshoni yanga yonse ikuthera ku mankhwala. Adokotala akuti mwendo uwu mwina audula chaka chisanathe. Ndimati ndikawaone anyamata kotsiriza ndili ndi miyendo iwiri."

Amuna anga anayang'ana pansi. Mwezi umenewo galaja inali itauma, ndipo basi yokha kupita ndi kubwera inali kale katundu.

Sindikudziwa chomwe chinandilowa. Munthu uyu ndinali ndi chifukwa chomusiyira kuti alire, koma ndi agogo a mwana wanga, ndipo ndi amene anandiperekeza kuchipatala pa basi yawo tsiku lomwe ndinkachira. Ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti, "Matikiti ndipeza ine."

"Inu mayi, mpira munaukonda liti?" anafunsa a Tcheya.

"Sindinaukonde. Ndangoti ndipeza."

3

M'chipinda chochapira ku hotelo makina amalira kwambiri moti munthu ukhoza kuulula machimo onse popanda wokumva. Ndinaima kuseri kwa mulu wa matawulo n'kuimba nambala yomwe mufoni mwanga inalembedwa kuti Wa Sopo.

"Mayi, kwagwanji masana ano?" anayankha mawu achimuna.

"Ndikufuna matikiti a geti la alendo. Anayi."

"A yani?"

"Apongozi aamuna, amuna anga, ine, ndi mwana."

"Ndi mwana yemwe?"

"Ndi mwana yemwe."

"Ife ogwira pa mageti amatipatsa awiri aulere. Ena awiriwo ndipempha anzanga, ndidzawagwirira masabata awo. Koma inenso ndipemphe kanthu. Ndiuza akuluakulu andiike geti la alendo tsiku limenelo. Sindidzayankhula, sindidzapereka moni. Ndikungofuna kuona."

"Geti limenelo n'loopsa, anthu akwiya."

"Zoopsa ndinaziona kale, mayi."

Lachisanu anabwera yekha pa basi kudzandipatsa envulopu, poopa kuti ingasowe m'manja mwa kondakitala. Tinakumana pa depoti nthawi ya nkhomaliro. Anali atavala chipewa chophimba nkhope, ndipo anali ataonda kuposa mmene ndinamuonera komaliza. Ndinamukumbatira, ndinalira pang'ono paphewa pake, iye n'kukwera basi yomweyo kubwerera. Sindinadziwe kuti tsidya lina la msewu, pa shopu ya nsapato, Wailesi anali atatsegula maso onse awiri.

Pofika kunyumba madzulo ndinapeza amuna anga atakhala pakhonde, ovololo ili m'thupi, manja osasamba.

"Wa Sopo ndani?"

"Mwayamba liti kugwira foni yanga?"

"Musandizungulitse. Mlongo wanga wakuonani pa depoti mutakoleka manja m'khosi mwa mwamuna. Mwamuna wogulitsa sopo amene amaimba Lamulungu m'mawa? Amene mumamutumizira mankhwala a maso? Matikiti amenewa mwalipira ndi chiyani?"

Funso lomalizali linandiwawa ngati simbi yamoto pa mkono. Ndinaika envulopu patebulo.

"Mawa mukamuona ndi maso anu. Mukakamuona, mudzandifunsenso funso limenelo ngati mudzakhale ndi mphamvu."

"Bambo asamve zimenezi mpira usanachitike," anatero. Ngakhale pa nkhani ya chigololo, mpira unali patsogolo.

4

Tinanyamuka m'mawa pa basi ya masapota. A Tcheya anakhala kutsogolo, mdzukulu wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi zitatu ali pambali, akumuphunzitsa nyimbo. Amuna anga anakhala pafupi nane koma pakati pathu pakanatha kudutsa njinga.

Geti la alendo linali kuseri kwa bwalo, pafupi ndi zimbudzi, kanjira kopapatiza pakati pa mipanda iwiri yachitsulo. Kunja kunali anthu mazanamazana achikasu omwe anabwera ndi chiyembekezo choti mtengo utsika. Sunatsike. Pa kazenera kogulitsira matikiti anali atamata pepala la mtengo watsopano, wokweranso kuposa wa Lachitatu.

"Akuba! Akuba!" anthu ankaimba, akugwedeza mpanda. Mayi wina wonyamula mbendera ankalira poyera, akuti wagulitsa mbuzi kuti afike pano ndipo ndalama yaperewera.

Ife a matikiti tinalowa mu kanjira kaja. Kutsogolo kunali bambo wachikulire wa jekete yowala ya ogwira pa geti, chipewa chili m'maso, akung'amba matikiti mmodzimmodzi. Nditamuloza ndi chibwano, amuna anga anandiyang'ana modabwa.

"Mdala ameneyu?"

"Yemweyo."

Tinafika. Analandira tikiti ya mwana. Anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku tsitsi, milomo ikugwedera, koma anasunga lonjezo, sanayankhule. Zikanathera pomwepo.

Koma kumbuyo anthu opanda matikiti anagwetsa mpanda umodzi, khamu lonse n'kukhamukira mu kanjira. Tinapanikizika. Mwana anakuwa, nkhope itakanikizidwa ku chitsulo. Bambo uja anamukokera kumbuyo kwake, anatulutsa wezulo m'thumba, naimba kamodzi, kautali, kobaya m'makutu. Chipewa chinagwa. Mkono wake unatambasuka kuloza kumbuyo, thupi lili chilili ngati msilikali.

Khamu linaima. Pa kachetechete ameneyo ndinamva mpweya wa a Tcheya pakhosi panga.

"Wezulo imeneyo ndikuidziwa," ananong'ona. Kenaka anakuwa ndi mawu omwe sindinkadziwa kuti akadali nawo: "Yudasi! Anthuni, ndi Yudasi uyu! Wa penate uja!"

Achinyamata ambiri pamenepo anali asanabadwe tsiku la fainolo ija, koma nkhani anaiyamwa. Anthu okwiya ndi mtengo anali atapeza nkhope yoti aikwiyire. Wina anaponya botolo, linaphulika pa chitsulo. Woimba ng'oma uja anagwira bamboyo pa kolala. A Tcheya anakweza ndodo yawo yoyendera.

Ndinalowa pakati. Ndodo ndinaigwira m'mwamba ndi dzanja lomwe limanyamula simbi tsiku lonse, ndipo sinatsike.

"Amene akufuna kumenya munthu uyu ayambe ndi ine. Awa ndi bambo anga!"

5

Amuna anga anatsegula pakamwa. "Bambo anu? Munati bambo anu kulibe."

"Ndinati kulibe, inu n'kumva kuti anamwalira, ine n'kukusiyani. Ndi awa. Ali moyo."

Ndinatembenukira kwa apongozi. Ndinavula mpango kumutu, n'kukankha tsitsi pamwamba pa khutu lamanzere pomwe pali chipsera chachitali ngati chala.

"Ichi ndinakuuzani kuti ndinagwa pa njinga. Ndinanama. Zenera la kuchipinda lija, lomwe limati phwaa Lamulungu lililonse, pansi pake panali bedi langa. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndikuvala yunifolomu ya sukulu. Anandisoka kasanu ndi kawiri. Bambo anawachotsa ntchito ya uphunzitsi chifukwa makolo ankaopa miyala pa sukulu. Amayi anatopa ndi kusamukasamuka, ananditenga n'kupita kwawo, n'kundilembetsa dzina la kwawo. Mwala wanu unaswa banja, a Tcheya, osati zenera lokha. Ndipo ine ndakhala ndikukutsukirani mbale mukuseka."

Woimba ng'oma anasiya kolala pang'onopang'ono.

"Tikiti ili m'dzanja mwanuyo," ndinapitiriza, "eni bwalo anafuna kuti muigule katatu. Amene wakupatsani ulere ndi Yudasi wanuyo. Agwira masabata anayi a anzawo kuti inu muonere mpira ndi miyendo iwiri."

A Tcheya anayang'ana tikiti, anayang'ana bambo. "Unali pachifuwa," anatero.

Bambo anatola chipewa chawo n'kuchikuntha fumbi. "Unamenya dzanja, akulu. Ndinali pa mtunda wa mapazi asanu. Nditabadwanso ndikhoza kuimbanso. Lowani, mukutsekereza anzanu."

Apongozi anaponya tikiti pansi n'kuilavulira. Anatembenuka kuti azipita. Nthawi yomweyo mkati mwa bwalo munaphulika chiphokoso, matimu akulowa, ng'oma zikugunda. Anaima. Ndinaona msana wawo ukulimbana ndi miyendo. Kenaka munthu wamkulu uja anawerama movutika, anatola tikiti yamalovu ija, anaipukuta pa thalauza, n'kuipereka kwa bambo osawayang'ana kumaso. Bambo anaing'amba bwinobwino n'kuwabwezera chidutswa chawo.

Amuna anga anawatsatira kuti awagwirize pa masitepe. Tikiti yanga ndinapatsa mayi wa mbendera uja. Ine ndi mwana tinakhala pa benchi ya ogwira pa geti mpira wonse.

"Amayi, awa ndani?" anafunsa mwana.

Ndinagwada pa simenti pamaso pa bambo, anthu akuona. "Bambo, ndinakukanani zaka zisanu ndi zinayi chifukwa choopa kutaya banja. Pa ukwati wanga munaima kunja kwa mpanda wa tchalitchi ngati wopempha. Ndikhululukireni." Kenaka ndinauza mwana kuti, "Awa ndi agogo ako. Apatse moni."

Achikasu anagonja zigoli ziwiri kwa chilowere, mopanda penate, mopanda woti n'kumunamizira.

6

Lamulungu lotsatira anandiitanitsa pabalaza la makatani achikasu. Panali apongozi onse awiri, amalume a amuna anga, ndi Wailesi amene anali atafalitsa kale nkhani mpaka kumsika.

"Mwachititsa manyazi banja lino pamaso pa masapota," anayamba amalume. "Mwalowa m'nyumba muno ndi bodza. Mugwade, mupepese apongozi anu, nkhani ithe."

"Ndipepese chiyani? Kuti mutu wanga unatchinga mwala wawo?"

"Mlamu, ulemu!" anatero Wailesi.

"Ulemu ndaupereka zaka zisanu ndi zinayi, mlamu, ndipo wandikwana. Amuna anga ndinawabisira, amenewo ndiyankhula nawo patokha. Koma pano woyenera kugwada si ine."

A Tcheya anamenya ndodo pansi. "Mwana wa Yudasi sadzapondanso pakhomo pano asanapepese!"

"Mdzukulu wanu ndi mdzukulu wa Yudasi. Nayenso asaponde?"

Apongozi aakazi anayamba kulira chamumtima. Ndinanyamuka, ndinatenga chikwama, ndipo mbale za tsiku limenelo anatsuka ena. Amuna anga sanatsegule pakamwa msonkhano wonse, choncho madzulo omwewo ndinalongedza zovala zanga ndi za mwana n'kukakhala kwa mnzanga wa kuntchito.

Panatha masabata atatu. Tsiku lina masana mlonda wa ku hotelo anandiuza kuti kukhomo la kumbuyo kuli munthu wa ovololo. Ndinawapeza atatsamira khoma pafupi ndi migolo ya zinyalala.

"Funso lija la matikiti," anayamba, "ndinalakwa."

"Munalakwa. Inenso ndinalakwa kukubisirani. Ndinkaopa kuti mudzasankha timu."

Anakanda chipumi ndi chala chakuda ndi girisi. "Pali china. Tsiku la miyala lija ndinalipo. Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndinanyamulira bambo miyala m'malaya a sukulu. Ndinaponyako iwiri. Sindikudziwa komwe inagwera."

Ndinakhala pa sitepe. Munthu amene ndagona naye bedi limodzi zaka zonsezi, amene ankasisita chipsera chija n'kumati njinga ndi yoipa.

"Bwanji simunanenepo Lamulungu lililonse lija?"

"Sizinkandisangalatsa ngati mmene zinkawasangalatsira bambo. Ndinamva mwana akulira m'nyumbamo. Ndinathawa."

Sindinawakhululukire tsiku limenelo, ndipo sindinawathamangitse. Ndinawauza kuti mawu amenewo akawanene kwa mwini nyumba ija. Loweruka lotsatira anakwera basi okha, maola anayi, osavala chachikasu chilichonse. Zomwe anakambirana ndi bambo sindinazimve zonse. Ndikungodziwa kuti anabwerako atakonza njinga ya bambo ndi loko wa chitseko, ndipo akukanganabe mpaka lero ngati unali dzanja kapena chifuwa.

Ndinabwerera kunyumba kwanga patatha miyezi iwiri. Mwendo wa a Tcheya anaudula mwezi wathawu. Mankhwala ndimawagulira, amuna anga amapititsa, mwana amapita kukawaona. Ine sindinaponde pakhomo paja, ndipo iwo sanatumize mawu.

7

Owerenga anzanga, ena mwa inu mukuti ndine wouma mtima, munthu wodwala sakangana naye. Ena mukuti ndine wabodza amene wagwidwa. Bodza ndikulivomera, ndipo amene ndinawalakwira ndinawagwadira. Koma kudwala sikufufuta mwala, ndipo ukulu si chiphaso choti mwana wa mnzako akhetse magazi iwe n'kumaseka pa chakudya.

Inu okonda mpira, kondani, imbani, lirani. Mtengo wa tikiti ya alendo ndi umbava, pamenepo ndili nanu, ndipo mukadzayenda ndi zikwangwani mudzandiitane. Koma taonani komwe mkwiyo wanu umagwera. Amene anakweza mtengo tsiku lija anali m'mwamba, kuseri kwa magalasi, akumwa zozizira, ndipo palibe botolo lomwe linawafika. Linafika kwa mdala wong'amba matikiti, amene nayenso ali ndi mwana wodikira kuti abwere wamoyo.

Achikasu akadzafikanso ndime ya chikho pa bwalo lija, ndidzapita ndi mwana wanga, ndipo ndidzalowera geti la alendo mutu uli m'mwamba. Amene adzafune kudziwa kuti ndine mwana wa yani asadzavutike kufunsa Wailesi. Adzandifunse ine, ndidzamuuza mokweza.